Njinga ziwiri zotentha injini: zolemba za pagalaja, mwezi wa Okutobala

Lolemba, sabata yoyamba

Zalowa njinga ziwiri, dandaulo lake limodzi: injini ikutentha. Yoyamba ndi ya kabaza, injini ya 150cc ya mtundu wa CG, yozizira ndi mphepo, ija mavalavu ake amakankhidwa ndi timindodo tachitsulo (mapushirodi) osati tcheni. Imayenda pakati pa Chikwawa boma, Dyeratu ndi Nchalo, ndipo masiku ena imakwera chitunda cha ku Blantyre. Yachiwiri ndi ya mawilo atatu yonyamula katundu, 200cc, yozizira ndi madzi. M'zolemba zino tiziitchula "yakabaza" ndi "yakatundu".

Yakabaza ikayenda mphindi 20 imafooka. Pokwera mtunda imalira ngati mwaponya timisomali m'chitini, ndipo mukazimitsa kiyi imagundabe kawiri katatu isanakhale chete. Mwini wake akuti ndi dzuwa. Dzuwalo lilipodi, chigwa cha Shire mwezi uno kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma njinga zinzake za mtundu womwewo pa siteji yomweyo zikugwira ntchito tsiku lonse. Dzuwa langovumbulutsa vuto lomwe linalipo kale.

Tagwirizana ziwiri. Injini sitsegulidwa zotchipa zonse zisanaunikidwe, ndipo tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi, kenako kuyesa pa msewu womwewo ndi katundu wofanana. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi njinga n'kuchira, simudziwa chomwe chinali kuidwalitsa, ndipo chidzabweranso.

Lero yakabaza yangotsukidwa. Pakati pa timapiko ta silinda, tija amakaniko amati mafini, panali matope ouma osakanikirana ndi oyilo wodontha pa gasiketi ya chivindikiro cha mavalavu. Oyilo akagwira fumbi amapanga chikhungu chokhala ngati bulangete, ndipo aluminiyamu salandiranso mphepo. Takolokosa ndi kamtengo, tatsuka ndi palafini ndi burashi, kenako sopo ndi madzi, injini ili yozizira. Pa chitsulo chotchinga miyendo anamangapo lona loteteza nsapato za wokwera ku matope. Lonalo limatchinga pafupifupi theka la mphepo yofika pa hedi, mutu wa injini wokhala pamwamba pa silinda. Lachotsedwa.

Lachiwiri

Oyilo. Pa injini yozizira ndi mphepo oyilo samangofewetsa zitsulo, amanyamulanso kutentha kuchoka pansi pa pisitoni ndi ku hedi n'kukakutaya m'makesi a pansi. Injini ya CG imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, ndiye akachepa ndi kapu imodzi yokha, otsalawo amatentha msanga. Tayeza njinga itaima chilili, kamtengo koyezera tangokakhazika osakapotokola: anali pansi pa mzere wam'munsi, wakuda, wopyapyala ngati tiyi, akununkha kupserera.

Potsitsa tatsegula chivindikiro chachikulu cha kumanzere kwa injini, chija mkati mwake muli sipuling'i ndi kasefa kawaya. Ambiri amangotsegula bawuti ya pansi, kasefako osakaona chaka chonse. Kanali kotsekeka theka ndi tizidutswa ta silikoni wofiira, umboni woti wina anamata gasiketi mopyoza muyeso. Silikoni wofinyikira mkati amaduka n'kuyenda ndi oyilo, ndipo akatseka kanjira kopita ku hedi, marokala, timikono tokankha mavalavu, amauma. Palinso sefa yachiwiri yozungulira, ili pa kirankishafuti kuseri kwa chivindikiro cha kilachi, yomwe imaunjika zinyalala ngati phala louma. Imeneyo tidzaitsegula tikafika pa kilachi.

Tathira 20W-50 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pa botolo. Chizindikiro chimenechi n'chofunika chifukwa kilachi ya njingazi imasambira mu oyilo yemweyo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereretsa omwe amachititsa mapuleti a kilachi kutsetsereka, ndipo kilachi yotsetsereka ndi mbaula ina mkati mwa injini. Wogula m'mabotolo osamata m'mbali mwa msewu sitimuwerengera n'komwe. Pa ntchito ya kabaza m'fumbi ndi kutentha kotere, oyilo asapitirire makilomita 1,500 asanasinthidwe.

Titaliza injini tatsegula pang'ono chivindikiro cha mavalavu kuona ngati oyilo akufika pamwamba. Akufika. Gasiketi yake yasinthidwa.

Kuyesa kwa masana: kufooka kwachedwerako kubwera, koma kulira kwa timisomali kudakalipo.

Lachitatu

Mavalavu, injini itagona usiku wonse. Mpata wa mavalavu umayezedwa injini ili yozizira ndithu, osati yofunda. Tatsegula kabowo ka pa chivindikiro cha maginito, tazungulitsa mpaka chilembo T chalunjika pa kamzere, pisitoni ili pamwamba pa kompuresheni, marokala onse awiri ali omasuka. Buku la Honda CG125 limapereka 0.08 mm mbali zonse ziwiri. Injini zotengera mtunduwu zimasiyanako pang'ono, choncho kapepala ka pa felemu kapena buku la njingayo ndi lomwe liyenera kutsatidwa.

Valavu yolowetsa inali bwino. Ya utsi inalibe mpata ngakhale pang'ono, fila geji (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya 0.03 mm yakana kulowa. Apa pali nkhani. Valavu ya utsi ndiyo chitsulo chotentha kwambiri mu injini yonse, ndipo kutentha kwake kochuluka imakutaya pa kanthawi kaja yakhala pa mpando wake mu hedi. Mpata ukatha, chitsulo chikafutukuka ndi moto, valavu siyikhalanso bwinobwino pampandopo. Moto umadutsa m'mbali, kompuresheni imathawa, mphamvu imatsika, woyendetsa amawonjezera moto, kutentha kumakwera, valavu imatalikanso. N'chifukwa chake njinga yotere imalira bwino m'mawa n'kufooka ikatentha. M'mphepete mwa valavu mukafiira mumayatsa petulo pulagi isanathethetse, ndiye kugunda kuja kiyi atazimitsidwa.

Vutoli nthawi zambiri limayamba ndi kufuna injini yopanda phokoso. Woyendetsa amadandaula kuti "ikulira matapeti", makaniko amamanga mpaka zii, kasitomala amapita akusekerera. Kaphokoso ka "tiki-tiki" pa injini ya mapushirodi si matenda. Yoopsa ndi ija yangoti chete.

Tabwezera mpata mbali zonse, tamanga nati titagwira sikuluwu kuti isatembenuke, tayezanso pambuyo pomanga chifukwa nati imakonda kukoka sikuluwu. Kompuresheni tayeza moto uli wotsegula mpaka mapeto: yafika pafupi ndi mabara 10 (bara ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya kapena madzi). Valavu sinapse. Ikanakhala pansi pa 8, hedi ikanatsika lero lomwe.

Lachinayi ndi Lachisanu

Masiku awiriwa apita pa kabureta, ndipo apa ndi pomwe panagona gwero lalikulu.

Pulagi inali mbuu ngati choko, pa nsonga pali timadontho tonyezimira. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka. Yoyera imatanthauza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo timadonthoto ndi aluminiyamu wochokera pamutu pa pisitoni. Nambala yake inalinso yolakwika: munali ya 7 m'malo mwa D8EA. Pa mapulagi a NGK nambala ikakwera ndiye kuti pulagiyo imataya kutentha msanga. Ya 7 imasunga moto pa nsonga kuposa ya 8, ndipo pa njinga yonyamula anthu awiri masana a ku Nchalo nsongayo imasanduka khala. Tavala D8EA, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm.

Titatulutsa silaidi, kachitsulo kokwera ndi kutsika mu kabureta moto ukamawonjezedwa kapena kuchepetsedwa, tapeza kakilipi ka singano yake kali pa mzere wa pamwamba penipeni. Kakilipi kakakwera, singano imatsika n'kutseka njira ya petulo. Ndi chizolowezi chofala pakati pa akabaza, makamaka nthawi yomwe mafuta akusowa kapena akwera mtengo, ndipo amachitcha "kuchepetsa kamwedwe". Petulo amapulumukadi pang'ono. Koma petulo wolowa mu silinda ali ndi ntchito yachiwiri: akamasanduka nthunzi amaziziritsa valavu yolowetsa, mutu wa pisitoni ndi chipinda choyakira moto. Mukamumana, injini yozizira ndi mphepo ilibe china chobwezera kuziziritsa kumeneko. Ndalama yopulumutsidwa pa malita ochepa imakathera pa pisitoni, maring'i ndi kuboola silinda.

Zinthu ziwiri za kuno zimawonjezera pa vutoli. Choyamba, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa konkuno. Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol amafuna pafupifupi 9 okha. Ndiye jeti (kabowo kodutsa petulo mu kabureta) yomwe inayezedwa ku fakitale ndi petulo wosasakaniza imakhala kale yopereka mochepera pang'ono. Palibe cholakwika ndi mafutawo, kungoti malo ochepetseranso singano palibe. Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe Chikwawa ali pafupi ndi 100. Mpweya wa kuchigwa ndi wothinana kuposa wa kumtunda, ngakhale kutentha kumaupepukitsako. Kabureta yochunidwa mothina ku Limbe kapena ku Ndirande, ikatsika chitunda n'kuwoloka Shire, imapezeka ikupereka mochepa kwambiri pa malo omwe kukutenthanso kwambiri.

Kakilipi tabwezera pa mzere wapakati. Majeti onse awiri tawatulutsa, tawaviika mu mankhwala otsukira kabureta ndi kuwapemerera ndi mpweya. Jeti yaing'ono inali yotsekeka pang'ono ndi zobiriwira, zomwe zimabwera petulo akayamwa chinyezi, makamaka wogula m'zigubu. Jeti isatokosedwe ndi singano yosokera kapena waya wa buleki. Bowo likakula silibwereranso. Sikuluwu yochunira kusakanizika kwa petulo ndi mpweya pa ayidilo (injini ikamalira moto utasiyidwa) pa kabureta iyi ili mbali ya injini, choncho ndi ya petulo: kuitulutsa ndi kuwonjezera mafuta. Ikakhala mbali ya eya kilina imakhala ya mpweya, ndipo imagwira mosemphana. Ambiri amasokoneza pamenepa. Tayamba ndi kuitseka mosakakamiza, kuitulutsa kawiri, kenako kusaka pomwe injini yotentha ikulira mokwera ndi mosadukiza.

Ngakhale titatero ayidilo imachedwabe kutsika tikasiya moto. Tapopera madzi pang'ono pa labala ya manifodi, yolumikiza kabureta ku hedi, injini ikulira, kaliridwe kasintha nthawi yomweyo. Labalayo inali ndi mng'alu pansi, posaoneka ndi maso njinga ili chiimire. Mpweya wolowera pamenepo sudutsa mu kabureta, ndiye sutenga petulo. Ena amayesa ndi petulo kapena mankhwala oyaka. Pafupi ndi ekizozi yotentha ndi kuitana moto. Manifodi yatsopano ndi O-ring yake zavalidwa. Siponji ya eya kilina inali yong'ambika pakona ndiponso youma. Tavala ina, yonyowetsedwa ndi oyilo n'kufinyidwa mpaka osadontha.

Kuyesa kwa Lachisanu masana, anthu awiri pa njinga: kulira kwa timisomali kwatha, kiyi akazima injini ikuzima pomwepo. Pulagi yayamba kufiirira.

Lolemba, sabata yachiwiri

Zotsala pa yakabaza ndi zomwe zimalemetsa injini kunja kwake. Buleki ya kumbuyo imagwira pang'ono, dilamu imatentha popanda kupondedwa. Kamu yake yatsukidwa ndi kupakidwa girisi. Tcheni inali yokokedwa ngati chingwe cha gitala, tsopano ili ndi mpata wa masentimita 2 mpaka 3 pakati. Tayala lakumbuyo linali lofewa.

Sipuloketi ya kumbuyo anaikapo ya mano ochepa kuti njinga izithamanga pa tala. Pa msewu wosalala wa ku Ngabu zimakoma, koma ndi matumba awiri a chimanga kapena pa chitunda, injini imakakamizika kukoka ili pa liwiro lotsika moto uli wotsegula kwambiri. Pamenepo ndi pomwe pisitoni imalandira nkhonya, pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono, mphepo nayo ili yochepa. Tabwezera ya muyeso wa fakitale. Mwini njinga wauzidwa kuti pokwera azitsitsa giya injini isanayambe kubuula, ndipo pa siteji azizimitsa m'malo moisiya ikulira, chifukwa njinga yoima ilibe mphepo.

Wauzidwanso za kuthira madzi. Hedi yotentha ikathiridwa madzi ozizira, kunja kumafota msanga mkati mudakali mofutukuka, ndipo zotsatira zake ndi kupindika kwa hedi, mng'alu pafupi ndi bowo la pulagi, kapena silinda kufinya pisitoni. Injini ikayamba kumanga pa msewu, gwirani kilachi msanga kuti tayala lisakhwime, imani pamthunzi, dikirani mphindi 20 kapena 30, onani oyilo musanalizenso.

Chivindikiro cha kilachi chatsegulidwa, sefa yozungulira yakolokosedwa, mapuleti adakali ndi nyama. Yakabaza yatuluka, idzabwera pakatha makilomita 500 kuti tidzaonenso pulagi ndi mpata wa valavu ya utsi. Ukadzapezeka watsekekanso msanga, ndiye kuti valavu ikumira mu mpando wake ndipo hedi idzatsika.

Lachiwiri mpaka Lachinayi

Yakatundu. Imawira ikanyamula, imalavula madzi pa kapayipi ka thanki yosungira, ndipo woyendetsa amathira madzi a pamjigo kawiri katatu pa tsiku.

Tatsegula chivindikiro cha redieta m'mawa injini isanalizidwe. Chotentha sichitsegulidwa, madzi ake amatumpha n'kupsereza nkhope ndi manja. Mkati munali madzi a dzimbiri, ndipo pakamwa pa timachubu pali zoyera zolimba ngati za m'ketulo yakale. Madzi a m'mijigo yambiri ya kuchigwa kuno ali ndi mchere ndi laimu. Akamawira amasiya zimenezi m'timachubu topyapyala ta redieta ndi m'makoma a silinda, ndipo chikhungu chochepa chabe chimatchinga kutentha kwambiri. Injini itatentha tayendetsa dzanja pafupi ndi redieta: pamwamba moto, chapakati pali chigawo chozizira. Timachubu ta pamenepo sitikudutsa madzi.

Chivindikirocho chalembedwa 1.1, kutanthauza bara 1.1, koma labala yake ndi yophwanyika ndipo sipuling'i yafooka. Kachitsulo kotchipa kameneka anthu amakapeputsa, chonsecho n'komwe kamaletsa madzi kuwira. Madzi wamba pa malo otsika ngati kuno amawira pa madigiri 100. Akatsekeredwa pa bara 1.1 amafika cha m'ma 120 asanawire, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi kulanti, mankhwala amadzi oziziritsira injini, amapitirirako pang'ono. Chivindikiro chikafooka madzi amawira pa kutentha komwe injini imayenera kugwirira ntchito bwinobwino, nthunzi imakankha madzi kunja, otsalawo amachepa, kuwira kumafulumira.

Themositati, kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku redieta injini ikatentha, mulibe, wina anaichotsa kale poganiza kuti ndi yomwe ikutchinga madzi. Kuichotsa sikuchiza redieta yotsekeka. Kumangochititsa injini kuchedwa kufunda m'mawa, kumwa petulo wambiri ndi kudya maring'i. Yatsopano tayesa mu poto tisanaivale: pa thupi pake palembedwa kutentha kotsegukira, ndipo yatsegukadi madzi atayandikira nambala imeneyo, n'kutsekekanso atazizira. Povala, kabowo kake kotulutsira mpweya kaloze m'mwamba.

Fani siimazungulira. Tailumikiza ku batire mwachindunji, yazungulira, ndiye mota ndi yabwino. Fyuzi ili bwino. Titagundanitsa mawaya awiri a pa switchi ya kutentha, fani yadzuka, choncho yafa ndi switchiyo. Tayang'ananso mbali yomwe ikukokera mpweya, chifukwa mawaya akasemphanitsidwa fani imakankha mpweya kutsogolo kulimbana ndi mphepo ya paulendo.

Redieta yatsitsidwa. Kunja tatsuka ndi madzi opanda mphamvu kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, timapiko topindika tawongola ndi kasikuludiraiva kakang'ono. Mkati taviikamo vinega wosungunula ndi madzi kwa maola ochepa, kenako kutsukuluza kangapo mosemphana ndi momwe madzi amayendera. Soda wamphamvu wotsukira mapaipi asayandikire, amadya aluminiyamu. Chigawo chozizira chija chachepa koma sichinatheretu. Kuyesa ndi katundu kukakanika, redieta isinthidwa.

Pansi pa pampu ya madzi pali kabowo kodziwitsa ngati silo yoletsa madzi kudontha yatha. N'kouma, ndipo oyilo wa injini sanasanduke ngati mkaka. Mapiko a pampu adyekako ndi dzimbiri koma akugwira shafuti bwino. Payipi ya m'munsi inali yofewa kwambiri, yotha kuphwatalala pampu ikamakoka mwamphamvu. Yasinthidwa pamodzi ndi makilampu ake.

Tathira kulanti theka, madzi a batire theka, aja osungunulira osati asidi. Kuthira kwake n'kwa pang'onopang'ono, tikufinya mapaipi, bawuti yotulutsira mpweya ili yomasula mpaka madzi atuluke opanda thovu. Mpweya wotsalira mu hedi umasiya malo ouma omwe amatentha kwambiri pomwe geji ikuonetsa zabwinobwino. Kulanti wakale kapena wotayika asasiyidwe m'beseni pabwalo: amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi nkhuku.

Lachisanu

Injini yalizidwa chivindikiro chili chotsegula mpaka themositati yatseguka, payipi ya pamwamba yatentha, madzi atsika, tawonjezera. Fani ikudzuka ndi kuzima yokha.

Chatsala n'chimodzi chosakondweretsa. Patapita mphindi zoposa 15, mpweya wotsekeredwa utayenera kukhala utatha, timathovu ting'onoting'ono tikutulukabe pakamwa pa redieta motsatizana, ndipo tikuchuluka moto ukawonjezedwa. Mapaipi akuumanso msanga injini isanatenthe. Zikuloza ku gasiketi ya hedi yomwe ikulowetsa utsi m'njira za madzi, zosadabwitsa pa injini yomwe yawira kambirimbiri. Hedi itsika Lolemba. Mabawuti adzamasulidwa mopingasa pang'onopang'ono, nkhope ya hedi idzayezedwa ndi lula yachitsulo ndi fila geji m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Kupindika kukapitirira 0.05 mm ipita kokasalaza. Gasiketi yatsopano yaitanitsidwa ku Blantyre, ya injini yozizira ndi madzi, chifukwa ya CG wamba imafanana nayo maonekedwe koma ilibe mabowo a madzi. Mwini wake wauzidwa kuti njinga igona pagalaja mpaka sabata yamawa.